A Herminia ndi Lole Yobwerera Kumadzulo

Pamwamba pa kauntala yanga pali chikwangwani, ndipo aliyense wolowa mu ofesi muno amayamba waima pansi pake n'kugwira pakamwa. Kubwereka lole yosamukira kuchoka kuno ku Salinas, ku California, kupita ku Texas, madola zikwi zinayi. Lole yomweyo, msewu womwewo, koma kuchokera ku Texas kubwera kuno, madola mazana asanu ndi atatu. Amandiyang'ana ngati ndawapisa m'thumba. Ine ndinatopa n'kupepesa, masiku ano ndimangowauza zoona: nonse mukulowera kumodzi, ndiye malolewo akaunjikana kumeneko, abwera okha?

Sabwera okha. Amakawatenga ndi a Herminia Cordero.

Ine ndine Fausto. Ndagwira ntchito kwa a Valdivia, obwereketsa malole, zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zaka zisanu ndi zitatu mwa zimenezo ndakhala ndikuona mayi ameneyu akulowa pageti ndi chilole chopanda kanthu, kamutu kokha kakuoneka pamwamba pa chiwongolero. Ndi aafupi, ali ndi zaka 63, amakhalira pilo kuti aone msewu. Lolemba amakwera basi kapena ndege kupita kumene malole athu aunjikana, kaya ndi ku Idaho, ku Nevada kapena ku Texas. Lachinayi ali pano, akundiponyera makiyi n'kunena kuti, "Ina iyo. Uwapatsenso athawe nayo."

Anayamba kudula letesi ali ndi zaka 16, chowerama tsiku lonse m'chifunga cha m'chigwa chino. Msana utayamba kudandaula anaphunzira kuyendetsa basi yonyamula odula anzawo, ndipo laisensi yomweyo ndi imene ikuwadyetsa lero. Mu 1986 iwo ndi amuna awo, malemu a Nicanor, anagula kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa njanji. Sabata yolowera, a Nicanor anadzala mtengo wa mandimu pafupi ndi khomo la kukhitchini. Iwo anatisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, koma mandimuwo akuberekabe, moti aneba anatopa n'kulandira.

Kanyumbako ndi kamene kali pakamwa pa aliyense. Kalibe chokongola, utoto unasuluka, mpope wa kubafa umalira ngati mwana wa mbuzi. Koma akuti lero kangagulitsidwe madola 700,000, ndalama yoti ku Texas ugula nyumba ziwiri n'kutsalanso ya galimoto. Msonkho wa nyumba kuno umatsata ndalama imene unagulira, choncho a Herminia amalipira kamsonkho ka anthu akale. Atati agulitse lero n'kusintha maganizo mawa, sangagulenso ngakhale khonde lake. Tonse timadziwa kuti wochoka kuno amachokeratu. Makalata a ogula nyumba amabwera sabata iliyonse, ena olembedwa mokoma ngati ochokera kwa chibwenzi. A Herminia amawayala pansi pa galimoto yawo yodontha oyilo.

Osamuka ali ndi mwambo wawo. Munthu sangangotenga makiyi n'kumapita, amayamba walalikira. Akuuza za mafuta a galimoto, za lendi, za msonkho wa pa malipiro umene ku Texas kulibe. Tsiku lina bambo wina wachipewa chachikulu anapeza a Herminia akumwa khofi pa benchi ya panja.

"Mayi, inu mukudikira chiyani kuno? Ndalama ya mazira dazeni imodzi kuno, kumene ndikupitako ndigula madazeni awiri."

"Zoona bambo? Mumadya mazira angati pa tsiku?"

"Awiri."

"Ndiye mukusiya manda a amayi anu chifukwa cha mazira awiri. Yendani bwino. Loleyo mukaisiye yosesa, oitenga ndine."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Koma musandimve molakwa, ambiri sathawa mazira. Ine ndemwe theka la malipiro anga limathera ku lendi ya chipinda chimodzi, ndipo ndikamawalembera mapepala anthuwa mtima umandiwawa, nthawi zina ndi chisoni, nthawi zambiri ndi nsanje.

M'banja la a Herminia anayamba kupita ndi achimwene awo, a Eusebio. Anadula letesi zaka makumi anayi osagula nyumba, ndipo atapuma pantchito lendi inakwera kupitirira penshoni yawo. Kwa mlongo wawo kunalibe malo nthawi imeneyo, chifukwa Gilberto, mwana yekhayo wa a Herminia, anali momwemo ndi mkazi wake ndi ana awiri, ena kugona pa sofa. A Eusebio anakweza katundu kupita ku Texas, kufupi ndi San Antonio. Patatha chaka Gilberto anawatsatira, atamva pa foni mmene amalume ake ankakuyamikirira kumeneko. Malole onse awiri anakawabweza ndi a Herminia omwe, kuwatenga pa yadi n'kutembenuka osaponda pakhomo pa aliyense. Ankati akakangokhala pampando wa Beto, monga amamutchulira Gilberto, ulaliki uyamba. Gilberto ankabwera ndi ana pa Khirisimasi. A Eusebio sanabwereko, ankangoimba n'kunena kuti, "Kuno ndikukhala ngati bwana, mlongo wanga."

Chaka chatha bondo lamanzere linawakana a Herminia. Anawachita opaleshoni, ndipo a Valdivia ananena mosabisa kuti maulendo aatali azipita ndi mnzawo wosinthana naye, komanso kuti chaka chino chikhala chomaliza. Popanda ndalama ya malole, penshoni yawo yokha sikanakwanira magetsi, inshuwalansi ndi chakudya cha kuno. Gilberto atamva anayamba kuimba tsiku lililonse. Kanyumba kaja kanafika poti kagulitsidwa basi.

Mu Julaye lole yathu yaikulu inali ku San Antonio, ndipo wosinthana nawo ndinali ine. Zinangochitika kuti mdzukulu wawo wamkazi ankakwanitsa zaka khumi Loweruka la sabata yomweyo, ndiye a Herminia analibe pothawira. Tinakalowa m'nyumba ya Gilberto.

Ndinene zoona, nyumbayo inandipweteka. Zipinda zinayi, mwana aliyense chake, m'kati mozizira ngati m'furiji, kuseri kapinga woti ungaseweretsepo mpira. Mnyamata amene ku Salinas ankasunga nsapato zake pansi pa sofa anali atavala epuloni, akuotcha chinyama cha ng'ombe pabwalo pakepake. Titakhala pa tebulo anayamba.

"Amayi, mwaiona nyumba ya pakona ija? Ikugulitsidwa. Zipinda zitatu, yopanda masitepe, bondo lanulo lipuma. Mukagulitsa kakhola kanu kaja..."

"Kachiyani?"

"Kanyumba kanu, amayi."

"Wati kakhola. Ndiye wakuliramoyo ndi mbuzi yanji? Msonkho wa nyumba yapakonayo ndi ndalama zingati pa chaka?"

Gilberto anatchula motsitsa mawu. A Herminia anaomba m'manja.

"Kanayi kuposa wanga! Nanga magetsi oziziritsira chinyumba chonsechi? Nanga madzi a kapingayo? Mumangotiuza za mazira."

"Chabwino amayi, sekani. Koma ntchito ikutha Disembala. Muzidzadya mandimu? Mukadzagwa m'bafa muja, adzakutolani ndani? Ine ndili mtunda wa masiku awiri. Ndikagona ndimaona inu muli pansi, foni ili patali."

Gilberto anatulutsa pepala la wogulitsa nyumba n'kuliika pambali pa mbale ya amayi ake. Ndinkayembekeza kuti apukutira mafuta a nyama. M'malo mwake analipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama. Ndinadziuza kuti basi, ngati mayi uyu wagonja, inenso ndiyambe kufunsa za lendi ya ku Texas.

"Achimwene ali kuti?" anafunsa a Herminia.

"Amalume akuti kwatentha, abwera kukazizira."

"Kuno kumazizira? Fausto, dzuka, tikawatenge."

Tinabwereka galimoto ya Gilberto. A Eusebio ankachita lendi kalavani pa malo ena a fumbi kunja kwa tauni, opanda mthunzi ngakhale woti galu abisalepo. Inali cha m'ma 3 koloko masana. Titatsegula chitseko kutentha kunatimenya kumaso ngati tatsegula uvuni. Makina oziziritsa analipo koma anali ozimitsa. Mkuluyo anakhala pafupi ndi fani, ali ndi vesiti yokha, ataonda moti mafupa a m'khosi ankaoneka. Atationa anadzuka mofulumira n'kuyamba mwambo uja.

"Minia! Wabwera kudzaona wekha? Kuno zinthu n'zotchipa, mlongo wanga. Nyama ndiye osanena..."

"Nyamayo ili kuti?"

A Herminia anali atatsegula kale furiji. Munali poto wa nyemba, botolo la madzi ndi mazira. Mazira analimodi, madazeni awiri athunthu.

"Makinawa bwanji simukuyatsa?"

"Aa, miyezi ino amadya kwambiri magetsi. Ndinazolowera. Iwe usadandaule za ine, wachoka kozizira n'chifukwa chake ukumva chonchi. Lero kwathu chifunga chachoka mochedwa, cha m'ma 11."

"Mwadziwa bwanji za chifunga cha ku Salinas?"

A Eusebio anayang'ana pansi. Kenako anaulula kuti m'mawa uliwonse amatsegula pa foni wailesi ya kwathu, ija imauza odula letesi za nyengo. Amamvera mpaka kumapeto, ngakhale zolengeza za mabasi onyamula antchito. Ali mkati molankhula, a Herminia anaona chidebe cha utoto kuseri kwa chitseko. M'menemo munali kambande ka ndimu kofika m'bondo, masamba ake achikasu m'mbali.

"Aka n'kachiyani?"

"Njere za pakhomo pako zija. Ndinanyamula m'thumba la malaya tsiku lochoka. Kanamera kamodzi kokha. Masana ndimakalowetsa kuopa dzuwa, nthawi yozizira ndimakalowetsa kuopa chisanu. Zaka zitatu, ngakhale duwa limodzi."

A Herminia anakhala pansi pa bedi. Anakwiya, ndipo mkwiyo wawo unali wa munthu amene akufuna kulira.

"Achimwene, zaka zitatu mukundinamiza pa foni? Bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Munthu wachoka akuyamikira, abwerera ndi nkhope iti? Mwana wako ndinamukopa ndine ndi pakamwa pangapa, ndipo iye zamuyenderadi. Ine ndadzapeza kuti kutchipako n'kwa munthu amene ali ndi ntchito, galimoto ndi anzake. Komanso ndibwerera kuti, Minia? Lendi ya kwathu siinandidikire."

"Chipinda cha Beto chili chabe zaka ziwiri. Ndimayanikamo zovala."

A Herminia anayang'ana kambande kaja. Kenako anaimirira, bondo likulira.

"Penshoni yanu payokha ilibe mphamvu. Yanganso chimodzimodzi. Koma ziwiri pansi pa denga limodzi lopanda lendi, tione amene atichotse. Ndikagwa m'bafa mudzanditola ndinu, mukagwa inu ndidzakukokani ndine. Fausto, imbira a Valdivia. Lole ija sindikungoibweza, ndikuibwereka."

Lamulo lathu ndi lakuti lole yobwezedwa sinyamula kanthu, ukafuna kuikamo katundu uyenera kuibwereka ngati wina aliyense. A Valdivia anandifunsa kawiri ngati ndamwa. "Kubwera kuno? Ndi katundu?" Ndinati eya bwana, madola mazana asanu ndi atatu monga chikwangwani chikunenera. A Herminia anakuwa chapatali kuti malipiro awo obweza lole awapatsabe, popeza loleyo ibwera ndithu. A Valdivia anatukwana pang'ono n'kuvomera.

M'mawa mwake tinaimika lole pakhomo pa kalavani. Gilberto anafika nkhope itatupa.

"Amayi, mukubweza munthu wokalamba ku malo amene anamulavula?"

"Anamulavula ali yekha."

"Ndinu ouma mutu, amayi! Ndakupezerani nyumba yabwino, pafupi ndi adzukulu anu, inu mukusankha kukavutika?"

"Beto, bwera kuno." Anamugwira dzanja ngati akadali wa sukulu. "Iwe unachita bwino kubwera kuno. Ndaona zipinda za ana ako, ndakondwa, bambo ako akanakondwanso. Usabwerere. Koma chotchipa kwa iwe si chotchipa kwa ine. Ine ndinalipira kale kumene kuja, ndi msana uwu. Munthu sangandiuze kuti ndakhala wosauka kwambiri moti sindingakhale m'nyumba yanga yomwe."

Anatulutsa pepala la wogulitsa nyumba lija m'chikwama n'kukulungira kapu ya a Eusebio kuti isasweke. Gilberto anaima n'kuyang'ana. Kenako analowa m'kalavani, n'kutuluka atasenza matiresi yekha, misozi ikutsikira m'ndevu. Katundu yense wa zaka makumi asanu ndi awiri sanadzaze ngakhale kotala ya lole. A Herminia anauza achimwene awo kuti kambande kaja akasiyire Gilberto, chifukwa sikangadutse pachipata. A Eusebio anangoti chabwino.

Tinayenda tsiku lonse, tinagona ku New Mexico, n'kuyendanso. Masana a tsiku lachiwiri tinawoloka mtsinje n'kufika pachipata cholowera ku California, pamene amafufuza zipatso ndi mbewu kuopa tizilombo toononga minda. Woyendera magalimoto tsiku limenelo anali a Lorraine, mayi wamtali amene wakhala akukweza dzanja kwa a Herminia zaka zonsezi osawaimitsa.

"Mayi wa malole! Mphepo yokhayokha ngati masiku onse?"

"Lero ayi," anatero a Herminia, mawu ali m'mwamba. "Lero muli katundu. Munthu akubwerera kwawo."

A Lorraine anavula magalasi. Anayang'ana ine, anayang'ana nkhalamba yokhala pakati pathu, n'kuseka.

"Mwalowera kolondola koma? Anzanu onse akupita uko. Tatsegulani ndione, izi n'zachilendo."

Tinatsika tonse. Ndinakweza chitseko cha kumbuyo. Munali bedi, mipando iwiri, makatoni, fani ija. A Lorraine anakwera n'kusuzumira kuseri kwa matiresi, ndipo anatulutsa chinthu chokulungidwa m'bulangeti. Masamba achikasu anatulukira pamwamba.

"Achimwene!" anatero a Herminia.

A Eusebio anali atalandira kale chidebecho n'kuchikumbatira.

"Mayi, ameneyu ndi wa ku Salinas. Njere zake ndinachoka nazo konkuno. Akungobwerera kwawo ngati ine."

"Ndikumva bambo, ndipo pepani. Koma wakulira m'dothi la uko, ndipo matenda a mandimu saoneka ndi maso. Ndikamulola, ndikhoza kupha minda ya anthu. Inu mudutsa, iye sadutsa."

Mkuluyo sanasunthe. Dzuwa linkaotcha, phula linkanunkha, malole a kumbuyo kwathu anayamba kuimba mahutala. Ndinaopa kuti anena kuti tibwerere. Kambande kameneko ndi kamene anacheza nako zaka zitatu. A Herminia anatembenukira kwa oimba mahutalawo n'kuwaloza chala mpaka anasiya. Kenako anayandikira kwa achimwene awo n'kulankhula motsitsa.

"Ikani pansi, achimwene. Mayi wake ali pakhomo panga, pamene a Nicanor anamudzala, ndipo sakupita kulikonse. Pepala lija munaona ndakulungira kapu."

A Eusebio anaika chidebe pansi, pamthunzi wa kanyumba ka oyenderawo. Anatenga botolo lawo la madzi n'kuthira onse, mpaka dontho lomaliza. A Lorraine anayang'ana kumbali. Tinakwera n'kudutsa chipululu chonse.

Tinagonanso panjira chifukwa cha bondo, ndipo tinalowa m'chigwa chathu m'mawa. Chigawo chomaliza a Herminia anakana kuti ndiyendetse, anakwera pa pilo wawo. Chifunga chinali chitagona pa minda, odula letesi akuoneka misana yokha. A Eusebio anandipempha kuti tisinthane malo, anatsitsa galasi n'kutulutsa mkono wonse panja, ndipo anausiya choncho mpaka malaya ananyowa. Mbali ina ya msewu tinakumana ndi malole athu awiri akupita kum'mawa, odzaza mpaka kukhomo. A Herminia anawaimbira hutala onse awiri.

Titaima kuseri kwa njanji, a Eusebio sanalowe m'nyumba. Anazungulira kupita ku khomo la kukhitchini, anathyola ndimu limodzi n'kuliluma ndi khungu lomwe. Misozi inatsika, ndipo anandiuza kuti ndi kuwawasa, ngakhale sindinawafunse.

A Herminia sanawayang'ane. Anatsegula bokosi la makalata, anapezamo atatu a ogula nyumba, ndipo anagwada ndi bondo lodwala lomwelo n'kuwayala pansi pa galimoto.